Menyu Yotsika ndi Usipa wa ku Liwaladzi

Ntchito yanga yoyamba ya makompyuta ndinaipeza ndikugulitsa tchaja. Nthawi imeneyo ndinali ndi benchi pa siteji ya Dwangwa, pamene maminibasi amaima kuti makondakitala atukwanane pang'ono asanapitirize ulendo. Ndinkagulitsa makava a foni, mahedifoni, matchaja ndi timagalasi toteteza sikirini. Bambo anga anabwera ku Dwangwa kudzadula nzimbe ku esiteti. Ine chikwanje ndinachiyesako, koma sindinachedwe kuzindikira kuti Mulungu anandiikira mphamvu pakamwa, m'mikono anangodutsamo.

Pansi pa benchi ndinkasunga laputopu yakale yomwe ndinasinthanitsa ndi mafoni odwala. Malonda akazizira ndinkaphunzirapo Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, kuchokera m'mavidiyo omwe mnzanga wina ankandikopera pa fulashi. Musaganize kuti ndinali ndi masomphenya. Ndinangomva kuti olemba khodi amagwira ntchito atakhala pansi, fani ikuwaombera.

Tsiku lina anatsika minibasi bambo wina wowonda, wovala kachisoti koyera, akufuna tchaja ya laputopu. Ndinayang'ana nsapato zake n'kutchula mtengo wa alendo.

"Ndi orijino iyi, bwana," ndinatero.

"Orijino yopangidwira ku Dwangwa konkuno?"

"Ikafa mubwere nayo."

"Ikafa ndidzabwera ndi laputopu yomwe, mudzaike maliro onse awiri."

Ndinadziwa kuti ndakumana ndi mnzanga. Tinanenererana mpaka minibasi yake inanyamuka, iye tchaja ili m'manja, ine ndikulumbirabe kuti ndikugulitsa moluza. Anakhala pa benchi langa kudikira ina, ndipo m'pamene anaona zomwe zinali pa sikirini.

"Izi akulemba ndani?"

"Ine ndemwe."

"Nanga bwanji sizikuyenda?"

Ndinati kompyutayo ndi yokalamba. Iye analoza mzere umodzi ndi chala, ndinakonza, zinayenda. Kenako anati, "Munthu wondisiyitsa minibasi chifukwa cha tchaja akhoza kukhala tsiku lonse kusaka cholakwika mu khodi osatopa. Mubwere kuboma Lolemba, mphwanga. Mudzafunse a Twaibu kuseri kwa shopu ya hadiweya."

Nditafika ndinapeza kuti a Twaibu ndi bambo wa tchaja uja, ndipo kampani yonse inali iwowo, tebulo, mipando iwiri ndi fani yomwe inkazungulira ikafuna. Kasitomala analipo mmodzi: mgwirizano wa makalabu a amayi ogulitsa nsomba zouma, kuyambira ku Bua, kudutsa Liwaladzi mpaka ku Dwangwa. A Twaibu anawapangira tsamba la pa intaneti kuti ogula a ku Lilongwe ndi ku Kasungu aziitanitsa usipa, utaka ndi mpasa pa foni, matumba n'kumatumizidwa pa minibasi. Amayiwo anali atatopa ndi mavenda ogula pa doko, omwe amadikira kuti dzuwa lipendeke, mwini nsomba afooke, ndiye n'kutchula mtengo. Ndinkawadziwa bwino mavenda amenewo. Ena tinkamwera limodzi tiyi.

A Twaibu sanandinamize. "Miyezi yoyambayi ndikukuyesani. Komanso kasitomala ndi mmodzi yekhayu. Akatithawa, inu mubwerera ku benchi, ine ndikalima mpunga."

Ntchito yomwe anandipatsa inali ya mamenyu otsika. Ngati munadzazapo fomu pa foni mukuwadziwa: kabokosi kokhala ndi kamuvi, mukakagunda mayina amatsika, inu n'kusankhapo limodzi. Mu HTML kabokosiko kamalembedwa ndi select, ndipo dzina lililonse lili ndi mzere wake wa option. Pa tsamba lathu timabokosi totere tinali paliponse: ka mtundu wa nsomba, ka kalabu yogulako, ka muyeso, kaya ndowa kaya thumba, ndi ka depoti yotumizirako. Masamba analinso ambiri, la ogula, la alembi a makalabu, la komiti, ndi ena.

Ine nzeru yanga inali yachidule: kulemba menyu imodzi pamanja, kenako kukopa n'kumata pa tsamba lililonse. A Twaibu anandiyang'ana ngati ndawagulitsa kava yong'ambika.

"Mawa kukabadwa kalabu yatsopano muyenda masamba onse? Utaka ukasowa muyendanso? Semani chidindo chimodzi, muzingodinda."

Chidindo chimenecho ndiye tagi yodzipangira wekha. Umalemba kalasi ya Java, kutanthauza chigawo cha khodi, yochokera ku SimpleTagSupport, ndipo ntchito yonse imachitikira m'kachigawo kotchedwa doTag. Mmenemo umafunsa databesi, nkhokwe yosungiramo zonse, yathu inali MySQL, kuti ikupatse mayina; umawayenda limodzi limodzi, lililonse n'kulilembera mzere wake wa option. Kenako pali kafayilo ka TLD komwe umafotokozamo dzina la tagi ndi zomwe imalandira. Ukatha pamenepo, pa tsamba la JSP umangolemba kamzere kamodzi, msika:menyu gwero="makalabu", basi. Seva yathu ya Tomcat, komwe tsamba limakhala, imaona kamzereko, kuitana kalasi ija, kumanga menyu yonse, ndipo foni ya wogula imalandira zopsa kale. Wogula sadziwa n'komwe kuti kuli tagi.

Kunena n'kosavuta. Masabata oyamba tagi yanga inkatsegula njira yopita ku databesi osaitseka, mpaka seva inafika pokomoka. A Twaibu anangoti, "Mpopi ukatsegula uzitseka, mphwanga, madzi si a bambo ako." Anandiphunzitsa kutsuka dzina lililonse lisanalowe pa tsamba, kuti munthu wa mtima woipa asalowetse khodi yake kudzera m'bokosi la dzina. Anandiphunzitsa kuyesa pa foni yotchipa ya sikirini yosweka, osati pa laputopu, chifukwa ogula athu ndi a foni zotero. Sankakalipa. Ukalakwitsa ankangokokera mpando pafupi n'kufunsa mafunso mpaka udzigwire wekha. Chinthu chimodzi chokha sankandilola: kukweza khodi pa seva yeniyeni. Pasiwedi inali m'mutu mwawo, ndipo ine ndinkangoimirira kumbuyo ngati mlamu pa ukwati.

Tagi inayamba kugwira, maoda anayamba kubwera, ine n'kuyamba kuyenda ngati injiniya. Mayi Naphiri, wapampando wa kalabu ya Bua, omwe ndi amene anayambitsa mgwirizano wonse, anafika potitumizira mpasa wowamba wothokoza. Ndinadya mpaka mutu, osafunsa kuti akuthokozeranji kwambiri chotere.

Yankho linabwera Lachisanu lina m'nyengo yotentha, fani itanyanyala. Cha m'mawa analowa Mayi Asiyatu, wapampando wa kalabu ya Liwaladzi, beseni lili pamutu, anzawo atatsala pakhonde. Analonjera a Twaibu mwa Chisilamu, ine anandilonjera ndi maso, kenako anatula beseni pambali pa laputopu yanga. Munali usipa woyamba kufiira, wina ukufumbutuka.

"Nunkhizani, bambo a kompyuta."

Ndinanunkhiza.

"Umenewu tinayanika mwezi uli mwana. Ku Bua matumba akukwera minibasi tsiku ndi tsiku, ife tikungothamangitsa ntchentche. A ku Dwangwa nawo chimodzimodzi. Ndiye tabwera kudzafunsa: anakupatsani chiyani a ku Bua?"

"Palibe, amayi," anatero a Twaibu.

"Mpasa sunafike muno?"

A Twaibu anaimbira foni Mayi Naphiri kuti abwere, ndipo podikira tinatsegula tsamba pa foni yosweka ija monga wogula. Ndinasankha usipa, ndinasankha thumba, ndinafika pa kabokosi ka kalabu. Munali mutalembedwa kale kuti Bua.

Palibe amene anakonza zimenezo. Databesi inkapereka makalabu mmene analowera, ndipo Bua ndi imene inalembetsa poyamba. Menyu yotsika, ukapanda kuiuza china, imaonetsa dzina loyambalo ngati lasankhidwa kale. Wogula wa ku Lilongwe ali pa msika, makasitomala akumuitana, bandulo ikutha. Kwa iye usipa ndi usipa. Agundirenji kamuvi? Amangodutsa n'kutumiza. Zimenezi ndinkazidziwa kuposa Java. Pa siteji, benchi la pakhomo pa minibasi limagulitsa ngakhale mwini wake ali mtulo. La kuseri kwa zimbudzi, ngakhale uimbe nyimbo. Ndinali nditamanga siteji, n'kuika amayi a Liwaladzi kuseri.

Titawafotokozera, Mayi Asiyatu sanasangalale kuti palibe chinyengo. "Kaya ndi katangale kaya ndi ngozi, nsomba zikuwola chimodzimodzi. Zikapanda kukonzeka lero, ife ndi a Dwangwa tituluka. Tibwerera kwa mavenda, bola iwo amatibera tikuwaona."

Makalabu amenewo akanatuluka, mgwirizano sukanatha kusunga tsamba. Ndinaliona benchi langa la ku Dwangwa likundikodola.

Mayi Naphiri anafika pa kabaza dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, ndipo asanakhale n'komwe pansi mzikiti unaitana. A Twaibu anatenga chisoti chawo.

"Ine ndikupita ku pemphero la Juma. Mphwanga, kambiranani ndi amayiwa."

Ndinawatsatira pakhomo. "Achimwene, mukundisiya ndekha?"

"Khodi ndikhoza kulemba ine. Kunenerera sindingakupose. Ndikabwera ndipeze muli amoyo nonse."

Ndinabwerera mkati. Amayi awiriwo anakhala moyang'anana, beseni lili pakati, aliyense akudzipepesera mphepo ndi nsonga ya chitenje. Ndinayamba monga amayambira wogulitsa aliyense, ndi chinthu chomwe ndikudziwa kuti akana.

"Tiike pamwamba mawu oti Sankhani kalabu, kuti wogula azikakamizika kutsegula."

"Akatsegula, woyamba pansi pakepo ndani?" anafunsa Mayi Asiyatu.

"Bua."

"Mwanangu, ndakwera minibasi kudzamva zimenezo?"

"Chabwino. Kompyuta iziponya maere. Wogula aliyense akatsegula, amene wagwera pamwamba wagwera."

"Juga imeneyo. Ine nsomba zanga sindiseweretsa juga," anatero Mayi Asiyatu.

"Komanso maerewo akuponyedwa ndani akuona?" anatero Mayi Naphiri. "Inuyo muli m'kachipinda kano nokha ndi makina anu."

"Apo mwanena, mayi," anavomera Mayi Asiyatu, asanakumbuke kuti akwiyirana.

Pa malonda, anthu awiri akakana chinthu chimodzi limodzi, dziwa kuti mtengo wayandikira. Ndinasiya kupereka nzeru n'kuyamba kufunsa ngati mlendo. Ndinati ine ndine wa ku nzimbe, za kunyanja sindizidziwa. Boti likafika m'mawa ndi usipa wochepa, amayi ogula muli ambiri, mumatani kuti musamenyane?

Anayankhira pamodzi, wina kulanda mawu mkamwa mwa mnzake. Mabeseni amaikidwa pamzere pamchenga. Wa patsogolo akagula, amanyamula beseni lake kupita nalo kumbuyo. Boti lotsatira ndi la amene wakhalitsa osagula. Mwini beseni atha kupita kukayamwitsa mwana, beseni limamuimira.

"Ndiye menyu ikhale mzere wa mabeseni," ndinatero. "Kalabu imene yakhalitsa osalandira oda ikhale pamwamba. Ikalandira, itsike pansi."

Mayi Asiyatu anavomera. Mayi Naphiri ndi amene anapukusa mutu, ndipo sanalankhule mokalipa.

"Ine ndinayenda maofesi ndi nsapato zanga kuti chinthuchi chikhalepo, ena akunena kuti nsomba sizigulitsidwa pa foni. Maoda atachuluka amayi anga anawonjezera matandala oyanikira nsomba, ena aitana abale kudzathandiza kuyanika. Ndikawauze chiyani madzulo ano? Kuti ndapita kuboma kukagawa msika wawo?"

Ankanena zoona. Ndipo lamulo loyamba la kunenerera ndi lakuti munthu asachoke chimanjamanja, ngakhale umupatse kapepala kapulasitiki konyamulira. Koma apa kapulasitiki sikakanakwana, pankafunika chinthu chenicheni choti akanene kwawo. Ndinafunsa ngati beseni la munthu amene sakugula tsiku limenelo limakhala pamzere. Anati ayi, limachotsedwa. Ndiye ndinati nafenso kalabu yopanda nsomba zouma tsiku limenelo isamaoneke n'komwe pa menyu. Amene ali ndi matandala ambiri adzapezeka pamzere masiku ambiri, ndipo thukuta lawo silipita pachabe. Menyu ya mpasa, poti mpasa ndi wa kumathiriro a Bua, adzakhalamo okha nthawi zambiri popanda wowakondera. Komanso wogula amene anazolowera nsomba za ku Bua sitimumanga manja, akhoza kugunda kamuvi n'kusankha Bua.

Mayi Naphiri anawerengera m'mutu, milomo ikuyenda. "Zimenezo ndikhoza kukazinena."

"Koma oyamba pamzere ndife," anatero Mayi Asiyatu. "Lero lomwe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipeze pakatikati, koma Mayi Naphiri anatambasula dzanja, anatola kausipa kamodzi m'beseni muja, anakathyola, anakanunkhiza, n'kukabwezera.

"Umenewu sufika Lolemba. Ayambe iwo."

Tsopano panatsala kuti pakamwa papereke ntchito ku zala. Apa m'pamene ndinathokoza chidindo cha a Twaibu. Ndikanakhala kuti ndinakopa n'kumata menyu pa tsamba lililonse, amayiwo akanagona kuboma. Koma zonse zinali mu fayilo imodzi. Ndinatsegula doTag n'kusintha funso lopita ku databesi: litenge makalabu okhawo amene mlembi wawo walemba kuti ali ndi mtundu wa nsomba umene wasankhidwa, liwandandalike potengera nthawi ya oda yawo yomaliza, wakalekale pamwamba. Masamba sindinawakhudze ngakhale limodzi. Ndili mkati magetsi anathima, monga mwa mwambo wawo, ndiye ndinatsitsa kuwala kwa sikirini kuti batire ipirire, foni n'kuiika pawindo pomwe netiweki imafikako. Amayi a pakhonde ankasuzumira mosinthana.

"Akulemba kapena akusewera gemu?"

"Akutuluka thukuta, ndiye kuti akulemba."

Ndinayesa pa laputopu, zinayenda. Koma pa seva yeniyeni sindikanatha kukweza. A Twaibu anabwera kuchokera ku mzikiti, anayang'ana amayi awiri aja akugawana chinangwa chophika, anayang'ana ine. Anawerenga khodi ali chiimire.

"Kalabu yatsopano, yomwe sinalandirepo oda, ikhala pati?"

Ndinati mmene zililimu igwera pamwamba, poti ilibe tsiku lililonse.

"Amayi, zili bwino zimenezo?"

"Mlendo amayamba ndiye kusamba m'manja," anatero Mayi Naphiri.

Ndinadzuka kuti ndiwapatse mpando akweze okha monga mwa masiku onse. Iwo anandikankhira pansi paphewa, anawerama, n'kundinong'oneza pasiwedi m'khutu.

"Mwanenerera nokha, kwezani nokha."

Ndinalakwitsa pasiwediyo koyamba. Ndinamanga fayilo ya WAR, mtolo wa khodi yonse, ndinaikweza, Tomcat inadzukanso, ndipo pa foni yosweka ija kabokosi kanaonetsa Liwaladzi. Mayi Asiyatu anaitenga foniyo n'kupita nayo pakhonde kukaonetsa anzawo, koma anakana kunyamuka. Anati dzina pa galasi si malonda, adikira aone oda.

Tinadikira mpaka mthunzi wa shopu unafika pamsewu. Kenako foni ya mlembi wawo inalira: mayi wina wa ku Kasungu akufuna matumba a usipa, akwere minibasi ya mawa. Pakhonde panamveka nthungululu. Mayi Asiyatu anandipatsa foni kuti nditsegulenso aonenso dzina lawo. Nditatsegula, pamwamba panali Dwangwa, Liwaladzi ili pansi penipeni.

"Nanga mwatitsitsiranji?"

Mayi Naphiri anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mwagula, mayi. Nyamulani beseni lanu muzipita kumbuyo."

Mayi Asiyatu anayang'ana foni, anayang'ana ine, kenako nawonso anaseka. Anakwera minibasi imodzi ndi Mayi Naphiri, akukangana za amene akhale kuwindo. Palibe kalabu inatuluka.

A Twaibu sanandiuzepo kuti kuyesedwa kwatha. Pasiwedi ija sanaisinthe, ndipo ndinamva pamenepo. Ndinakhala nawo zaka zingapo, ndipo zonse zomwe ndikudyera lero ndinaziphunzira m'kachipinda kaja. Ndimawathokoza pa Java, koma kwambiri ndimawathokoza chifukwa chotenga chisoti tsiku lija n'kutuluka. Bwana wina akanajomba ku mzikiti kuti ateteze kasitomala wake kwa venda wa matchaja. Iwo anaona kuti uvendawo ndi umene ukufunika, n'kuusiyira malo.

Masiku ano zida zinasintha, ndipo achinyamata ena amaseka akamva za JSP. Aseke. Menyu yotsika ikadalipo, ndipo mzere wake woyamba ukadali benchi la pakhomo pa minibasi. Ndikamamanga ina iliyonse, kaya ndi ya zipatala, kaya ya masukulu, kaya ya ogulitsa mpunga, ndisanalembe khodi ndimafunsa eni ake kuti pamwamba pakhale ndani, ndipo wagwirizana nazo ndani. Ena amadabwa, amati ndi kabokosi chabe, ika mmene zabwerera. Ndimawauza kuti mmene zabwerera ndi mmene wina amatsalira pansi, ndipo wotsala pansiyo saoneka pa sikirini. Amaoneka Lachisanu m'mawa, pakhomo pa ofesi, atasenza beseni.